Olemba LibreOffice ndi Lonjezo Lomwe Sun Sinakwaniritse

Pa 19 Julayi 2000 kampani ya ku America ya Sun Microsystems inalengeza kuti itsekula khodi ya StarOffice, pulogalamu yolembera makalata, kuwerengetsera ndalama ndi kukonzera zoonetsa pamisonkhano. Khodi ndi malemba amene akatswiri amalemba pouza kompyuta zochita, ndipo makampani ambiri amaisunga mwachinsinsi chifukwa ndiye chuma chawo. Sun inati aliyense aiwerenge, aisinthe ndi kuigawa momwe angafunire. Pachilengezo chomwecho panali lonjezo lachiwiri, lomwe tsikulo silinamveke kwambiri: lakuti ntchito yatsopanoyo, yotchedwa OpenOffice.org, idzayendetsedwa ndi bungwe loima palokha, losakhala m'manja mwa kampani imodzi. Khodi inatulukadi pa 13 Okutobala chaka chomwecho. Bungwe lija silinaoneke m'zaka zonse zomwe Sun inatsala nazo, ndipo linadzabadwa pokhapokha pamene ogwira ntchitoyo anatopa kudikira n'kulikhazikitsa okha. Mbiri imeneyi ikuonetsa chinthu chimodzi momveka bwino. Kutsekula khodi kumapatsa anthu ufulu wotenga ndi wochoka, koma sikuwapatsa mphamvu pa ntchito yomwe akukhetsera thukuta. Mphamvuyo imakhala ndi amene wasunga dzina, umwini wa zolembedwa ndi thumba la ndalama, ndipo wosungayo amayankha mafunso pokhapokha ngati ofunsawo angathe kumuchotsa pampando.

StarOffice inachokera ku Germany. Marco Börries anayambitsa kampani ya StarDivision mu 1985 akadali mnyamata, ndipo pomwe Sun inkaigula mu 1999 akatswiri ake anali atakhazikika ku Hamburg. Kumeneko n'kumene ntchito yaikulu yolemba khodi inapitirira ngakhale umwini utawoloka nyanja. OpenOffice.org 1.0 inatuluka pa 1 Meyi 2002, ndipo inafalikira msanga m'masukulu, m'maofesi a boma ndi m'nyumba za anthu omwe sakanakwanitsa kugula Microsoft Office. Pambali pa olembedwa ntchito a ku Hamburg panakula gulu lalikulu la anthu ongodzipereka: omasulira pulogalamuyo m'zinenero zawo, oyesa ndi kunena pomwe ikulakwitsa, olemba mabuku a malangizo, okonza misonkhano. Kasungidwe ka mafayilo ka OpenOffice.org ndi komwe kanabala muyezo wa mafayilo wotchedwa OpenDocument, womwe bungwe la OASIS linavomereza mu 2005 ndipo la ISO linauvomereza mu 2006, zomwe zinapatsa maboma chifukwa china choikhulupirira. Mu 2003 kunakhazikitsidwa khonsolo yotchedwa Community Council, momwe munkakhala oimira magulu osiyanasiyana a ntchitoyi pamodzi ndi anthu a Sun. Khonsoloyo inkakumana, kukambirana ndi kupereka maganizo, koma sinali bungwe lolembetsedwa lokhala ndi katundu wakewake, ndipo inalibe njira yokakamizira Sun kuchita chomwe Sun sinafune.

Chomwe chinkawawa kwambiri olemba khodi a kunja kwa Sun chinali pepala limodzi. Munthu asanaloledwe kulowetsa khodi yake mu OpenOffice.org, ankayenera kusaina mgwirizano wopatsa Sun umwini wa zomwe walembazo, mofanana ndi iye mwini. Pongowerenga, nkhaniyi imaoneka yachilungamo, poti wolembayo sankalandidwa chilichonse. Koma zotsatira zake zinali zakuti Sun yokha ndiyo inali ndi umwini wa khodi yonse pamodzi, pomwe wina aliyense anali ndi kachidutswa kake kokha. Choncho Sun yokha ndiyo ikanatha kutenga ntchito ya anthu onsewo n'kuigulitsa yotsekedwa, monga inkachitira ndi StarOffice, kapena kusintha laisensi popanda kufunsa munthu. Dzina la ntchitoyi linali m'manja mwa kampani, makina osungira khodi analinso a kampani, ndipo antchito a kampani ndi omwe ankanena zolowa ndi zosalowa. Wodzipereka anali ngati mkamwini: amalima munda, amamanga nyumba, amapatsidwa ulemu pakhomo, koma tsiku lokamba za malo mawu ake salowa m'bwalo.

Nkhani ya Kohei Yoshida ikuonetsa bwino momwe pepalalo linkagwirira ntchito. Calc, gawo la OpenOffice.org lowerengetsera masamu m'matebulo, inalibe chida chomwe ogwiritsa ntchito Excel anachizolowera, chofufuza yankho labwino koposa pakati pa manambala ambiri osinthasintha. Yoshida anachilemba chidacho, ndipo anafuna kuchipereka pa laisensi ya LGPL, yomweyo imene OpenOffice.org inkagawidwira. Anakana chinthu chimodzi chokha, kusainira Sun umwini. Sun inakana kuchilandira, ndipo mu 2007 zinadziwika kuti akatswiri ake alemba china chawochawo chogwira ntchito yomweyo. Tangoganizani: chida chilipo, chikugwira ntchito, mwini wake akuchipereka kwaulere pa laisensi ya pulogalamu yomweyo, koma kampani ikusankha kulipira anthu kuti achilembenso. Izi sizikanachitika chikhala kuti cholinga chinali ubwino wa pulogalamu basi. Zinachitika chifukwa umwini wathunthu unali wamtengo wapatali kwa Sun kuposa miyezi ya ntchito yobwereza. Ndipo panalibe bwalo lomwe Yoshida akanakadandaulako lokhala ndi mphamvu yosintha chigamulocho. Khodi yokanidwa kapena yochedwetsedwa motere inkasonkhanitsidwa pambali ndi akatswiri monga Michael Meeks, amene ankagwira ntchito ku Novell, mpaka inakhala nthambi yotchedwa Go-oo. Makampani ambiri ogawa Linux ankapatsa anthu awo nthambi imeneyi, ngakhale pachikuto pankalembedwabe OpenOffice.org.

Pali yankho lomwe oikira kumbuyo Sun amapereka, ndipo si lopepuka. Sun ndiyo inagula StarDivision ndi ndalama zake, ndiyo inatsekula khodi popanda woikakamiza, ndiyo inkalipira akatswiri ambiri omwe ankalemba gawo lalikulu la pulogalamuyi. Wolipira ambiri bwanji asalamule? Komanso umwini ukakhala pamalo amodzi, nkosavuta kuteteza khodi kukhothi wina akaiba. Zonsezi n'zoona, ndipo mphatso ya Sun inali yaikulu kwambiri moti wonyoza kampaniyi ngati mbava sakunena chilungamo. Koma mfundoyi ikuiwala kuti kuchuluka kwa antchito a Sun pa khodiyi sikunangochitika kokha. Makampani ena ndi akatswiri odziimira ankazengereza kuika mphamvu zawo pa ntchito yomwe phindu lake lomaliza linali la kampani imodzi, ndiye ochokera kunja anakhala ochepa, ndiye Sun inkaloza kuchepa kwawoko ngati umboni wakuti iyenera kupitiriza kulamula. Za kuteteza khodi kukhothi, bungwe loima palokha likanatha kusunga umwiniwo chimodzimodzi, monga Free Software Foundation imachitira ndi mapulogalamu ake ena. Kusiyana kwake n'kwakuti bungwe lotero silingagulidwe pamsika wa masheya, pomwe kampani ingagulidwe.

Ndipo inagulidwadi. Oracle inalengeza mu Epulo 2009 kuti igula Sun pa madola pafupifupi 7.4 biliyoni, ndipo malondawo anatha mu Januwale 2010. Dzina la OpenOffice.org, umwini wa khodi ndi mapepala onse omwe odzipereka anasainira Sun zinapita kwa mwini watsopano yemwe palibe mmodzi wa iwo anamusankha. Mu Ogasiti chaka chomwecho zinamveka kuti Oracle yasiya kuyendetsa poyera OpenSolaris, ntchito ina yotsekula khodi yomwe Sun inayambitsa, ndipo mwezi womwewo inasumira Google pa nkhani ya Java. Anthu a OpenOffice.org anaona zomwe zikubwera. Pa 28 Sepitembala 2010 gulu la otsogolera odzipereka, mwa iwo Florian Effenberger, Italo Vignoli, Thorsten Behrens, Charles Schulz ndi Michael Meeks, linalengeza The Document Foundation, mothandizidwa ndi makampani monga Novell, Red Hat, Canonical ndi Google. Iwo sananene kuti akuyamba ntchito yatsopano. Anati akukwaniritsa lonjezo la 2000, anaitana Oracle kuti ilowe nawo ngati mmodzi mwa ambiri, ndipo anaipempha kuti ipereke dzina la OpenOffice.org ku bungwelo. Dzina la LibreOffice linali longogwirizira podikira yankho. Oracle inakana, ndipo mu Okutobala inauza mamembala a Community Council omwe analowa m'bungwe latsopanolo kuti atule pansi maudindo, ati chifukwa sangatumikire mbali ziwiri. Apa m'pamene zinaonekera poyera kuti khonsolo ija inali ya yani. Oimira anthu anachotsedwa ndi kampani, osati ndi anthu omwe anawatuma.

Ena amati nkhaniyi ikutsimikizira kuti bungwe n'losafunika kwenikweni, chifukwa laisensi yokha inakwanira. Anthu atakhumudwa anatenga khodi n'kuchoka, LibreOffice 3.3 inatuluka pa 25 Januwale 2011, ndipo m'miyezi yochepa mitundu ya Linux monga Ubuntu, Fedora, openSUSE ndi Debian inali itasamukira kumeneko. Ufulu wochoka ndi weniweni, ndipo popanda iwo mbiriyi ikanathera kwa Oracle. Koma tiwerenge mtengo wake. Ochokawo anasiya dzina lomwe analimanga kwa zaka 10, lomwe mphunzitsi kapena mlembi wa mu ofesi amalemba pa intaneti akafuna pulogalamu yaulere. Anayamba opanda makina awoawo okwanira, opanda akaunti ya kubanki ya bungwe, opanda chilichonse cholembetsedwa mwalamulo. Ufulu womwe umagwira ntchito pokhapokha munthu akalolera kutaya zonsezi sungagwiritsidwe ntchito pa madandaulo a tsiku ndi tsiku, monga khodi yokanidwa kapena chigamulo chopangidwa mseri. N'chifukwa chake anthu anapirira zaka zonse zija. Ulamuliro wabwino umafuna njira yotsika mtengo yokonzera zinthu, yoti munthu afunse funso, aone mabuku a ndalama, avote n'kusintha atsogoleri ntchito ili m'kati osaphwasula mudzi wonse.

Oyambitsa The Document Foundation anaimvetsa mfundo imeneyi, ndipo zikuonekera pa mtundu wa bungwe lomwe anasankha. Akanatha kulembetsa kalabu wamba ya mamembala, yomwe ku Germany n'njosavuta ndiponso yotsika mtengo. Iwo anasankha chomwe malamulo a dzikolo amachitcha Stiftung, bungwe lopanda mwini, lomangidwa pa chuma choikidwa padera kuti chitumikire cholinga cholembedwa. Cholingacho n'chovuta kwambiri kuchisintha, chuma choyambira sichiloledwa kudyedwa, ndipo boma la dera lomwe bungwelo lalembetsedwa limayang'anira ngati atsogoleri akutsata malamulo awo omwe. Kalabu ya mamembala ingalandidwe ndi gulu lomwe lalowa mwaunyinji n'kuvotera kusintha cholinga, koma Stiftung singalandidwe motero. Panafunika mayuro 50,000 oyambira. Mu Febuluwale 2011 anapempha anthu kuti asonkhe, ndipo ndalamazo zinakwana m'masiku 8, zochokera kwa anthu wamba ambirimbiri. Zinatengabe chaka china kuti akuluakulu a boma avomereze malamulo ake, ndipo bungweli linakhazikitsidwa mwalamulo ku Berlin pa 17 Febuluwale 2012. Chimodzi mwa zovuta chinali chakuti Stiftung nthawi zambiri sikhala ndi mamembala ovota, pomwe oyambitsawa ankafuna zonse ziwiri, cholinga chosagwedezeka ndi atsogoleri osankhidwa.

Malamulo omwe anatulukawo amawerengeka ngati yankho ku dandaulo lililonse la nthawi ya Sun. Umembala sugulidwa ndipo kampani singakhale membala. Munthu amaloledwa akaonetsa ntchito yooneka yomwe wagwira kwa miyezi ingapo, kaya yolemba khodi, yomasulira, yoyesa kapena yolemba malangizo, ndipo umembalawo umaunikidwanso chaka ndi chaka, kotero wosiya ntchito amasiyanso voti. Mamembalawa amasankha bodi ya anthu 7 zaka ziwiri zilizonse, komanso amasankha komiti ina yapadera yoona za umembala ndi zisankho za bodi, kuti bodi isamadzisankhire yokha oivotera. Anthu olembedwa ntchito ndi kampani imodzi saloledwa kupitirira gawo limodzi mwa magawo atatu a mipando ya bodi. Makampani othandiza amakhala m'gulu la alangizi lomwe lilibe voti. Palibe wosainira wina umwini wa khodi yake: aliyense amasunga wake n'kungoupereka pa laisensi yogwirizana, ndiye ngakhale bungwe lenilenilo silingatenge LibreOffice n'kuigulitsa yotsekedwa. Dzina lili m'manja mwa bungwe, maminitsi a misonkhano ya bodi amaikidwa poyera, ndipo chaka chilichonse kumatuluka lipoti la ntchito ndi la ndalama. Lamulo loletsa kusainira umwini ndilo lanzeru koposa onse, chifukwa ena onsewo amadalira kuti anthu akhale okhulupirika, pomwe ili limangochotseratu chinthu chomwe wosakhulupirika akanafuna kulanda.

Dzina la OpenOffice linatsata njira ina. Mu Epulo 2011 Oracle inalengeza kuti yasiya kuchita malonda ndi pulogalamuyi, ndipo pa 1 Juni inapereka khodi ndi dzina ku Apache Software Foundation, maganizo omwe kampani ya IBM inawakonda. Apache si bungwe lokayikitsa ayi. Linalembetsedwa ku America mu 1999 ndi anthu omwe kuyambira 1995 ankasamalira pulogalamu ya Apache yoyendetsera masamba a pa intaneti. Mamembala ake ndi anthu, osati makampani, ndipo chaka chilichonse amasankha bodi ya anthu 9. Ntchito iliyonse yomwe ili pansi pa bungweli ili ndi komiti yake, yomwe imapereka lipoti ku bodi miyezi itatu iliyonse, ndipo pulogalamu singatulutsidwe popanda mavoti osachepera 3 a mamembala a komitiyo. Ntchito yomwe yasowa anthu imapumitsidwa n'kuikidwa m'nkhokwe yotchedwa Attic. Kunena za dongosolo, OpenOffice inafika pabwino kuposa pomwe inakhalapo chiyambire. Apache OpenOffice 3.4 inatuluka mu Meyi 2012, 4.0 mu Julayi 2013 ndipo 4.1 mu Epulo 2014. Koma anthu ambiri anali atapita kale. Laisensi ya Apache imalola aliyense kutenga khodi osabweza kanthu, koma ya LibreOffice siilola zimenezo, ndiye LibreOffice inkatha kutenga zabwino za Apache OpenOffice pomwe Apache sinkatha kutenga za LibreOffice. IBM itachepetsa anthu ake omwe ankagwira ntchito pa Apache OpenOffice, ntchitoyo inatsala m'manja mwa odzipereka owerengeka.

Pamenepa wotsutsa ali ndi funso lolimba kwambiri. Ngati bungwe loyendetsedwa bwino ndilo mankhwala, bwanji OpenOffice inafota ili m'bungwe lotchuka ndi dongosolo? Yankho loyamba n'lakuti bungwe silibala antchito, ndipo palibe amene ayenera kuliyembekezera kutero. Chomwe lingachite n'kuletsa kuti choonadi chibisike, ndipo apa Apache inachita mbali yake. Mu 2016, pulogalamuyi itakhala miyezi yambiri ndi chibowo chodziwika chomwe akuba a pa kompyuta akanalowerapo, bodi inafunsa komiti ngati ikuthabe kuteteza ogwiritsa ntchito. Kumayambiriro kwa Sepitembala wapampando wa komitiyo, Dennis Hamilton, analemba poyera kuti anthu otsalawo ndi ochepa kwambiri ndipo nkoyenera kuganizira zopumitsa ntchitoyo. Kampani yogulitsa pulogalamu sikanalola wantchito wake kulemba zotero. Yankho lachiwiri n'lowawa kwa Apache. Malamulo ake amafunsa ngati pali anthu atatu ovota ndiponso ngati lipoti lafika pa nthawi yake. Safunsa ngati dzina lomwe bungwe lasunga likutsogolera anthu ku pulogalamu yowayenera. Kalata ya Hamilton itadzutsa odzipereka ena, 4.1.3 inatuluka mu Okutobala 2016, zofunika za malamulo zinakwanira, ndipo nkhani yopumitsa inazilala. Mu Okutobala 2020 The Document Foundation inalembera Apache kalata yapoyera yopempha kuti iziuza ofuna OpenOffice kuti LibreOffice iliko, popeza chiyambire 2014 kunali kusanatuluke OpenOffice yatsopano kwenikweni koma zigamba zokha. Pempholo silinatsatidwe. Ndikuona kuti apa Apache inalakwa. Inayankha mokhulupirika kwa anthu ochepa a m'komiti, koma kwa anthu ochuluka omwe amakopa pulogalamuyo chifukwa chongokumbukira dzina inalibe chowayankha, poti m'malamulo ake mulibe malo awo.

The Document Foundation nayo inakumana ndi vuto lomwe malamulo a 2012 sanalikonzekere mokwanira, ndipo linachokera ku ndalama. Thumba la bungweli limadzaza makamaka ndi zopereka zing'onozing'ono za anthu okopa LibreOffice. Koma gawo lalikulu la khodi yovuta linkalembedwa ndi akatswiri olipidwa ndi makampani ochepa omwe ankapeza ndalama pogulitsa chithandizo kwa maboma ndi mabizinesi. Mu 2013 gulu la akatswiri a LibreOffice a ku kampani ya SUSE linasamukira ku kampani ya Collabora ya ku Cambridge. Makampani a Red Hat, CIB ndipo kenako allotropia analinso ndi anthu awo. Akatswiriwa, pokhala olimbikira ntchito koposa, ankasankhidwa mu bodi mwachilungamo. Bungwe likafuna kuti ntchito inayake yaikulu igwiridwe, linkaitanitsa makampani kuti apikisane pa kontrakiti, ndipo odziwa khodiyi mokwanira kuti apambane anali makampani omwewo. Choncho anthu a mbali imodzi ankapezeka kokonza ndondomeko ya ntchito zofunika, kovomereza bajeti, ndiponso kolandira malipiro. Ngakhale aliyense atatuluka m'chipinda pa nthawi yovota, malamulo a ku Germany okhudza mabungwe osalipira msonkho ndi okhwima pa ndalama za zopereka zopita kwa anthu oyandikana ndi atsogoleri. Lamulo la gawo limodzi mwa atatu linatchinga kampani imodzi kulanda bodi, koma silinanene zochita pamene makampani awiri kapena atatu ali ndi zofuna zofanana.

Chaka cha 2020 chinaulula mkanganowu. Mu Julayi, LibreOffice 7.0 yoyeserera inatuluka ili ndi mawu akuti Personal Edition, pofuna kukankhira mabizinesi kuti azigula chithandizo kwa makampani aja. Odzipereka ambiri anakwiya poona kuti ntchito yawo ikuonetsedwa ngati yosayenera mu ofesi, ndipo bodi inabwerera m'mbuyo n'kuwachotsa mawuwo. Mu Okutobala Collabora, yomwe inkalemba pafupifupi khodi yonse ya LibreOffice Online, mtundu wa LibreOffice wogwiritsira ntchito pa intaneti, inasamutsira ntchitoyo kwake pa dzina la Collabora Online, ponena kuti singapitirize kuika ndalama pa chinthu chomwe bungwe lingamachigawe kwaulere pa dzina lotchuka la LibreOffice. Mu 2022 bodi inakangana nthawi yaitali ngati bungwe lilembe ntchito akatswiri akeake a khodi, ndipo pomaliza linawalemba. Mu 2023 Red Hat inalengeza kuti ikuchepetsa ntchito yake pa LibreOffice, ndipo mu 2025 allotropia inaphatikizana ndi Collabora, zomwe zinachepetsanso chiwerengero cha makampani odziwa khodiyi mozama. Mbali zonse zili ndi mfundo. Makampani akunena zoona kuti popanda malipiro a akatswiri awo LibreOffice ingafote ngati mnzake uja. Otsutsana nawo akunenanso zoona kuti munthu wopereka mayuro 10 sanapereke kuti bungwe likhale nthambi yotsatsira malonda a wina.

Woona mikangano imeneyi angafunse ngati pali chomwe chinasintha, popeza mphamvu yabwereranso kwa olipira akatswiri. Chasintha chilipo, ndipo n'chachikulu. Pa nthawi ya Sun, chigamulo chokana chida cha Yoshida chinapangidwa m'kati mwa kampani ndipo chinakhala chomwecho. Mu 2020 chigamulo cha Personal Edition chinasinthidwa m'masabata ochepa chifukwa opanga chigamulocho ankadziwa kuti odandaulawo ndi omwe adzavote pachisankho chotsatira. Collabora itachoka ndi LibreOffice Online inatenga khodi, monga laisensi imalolera aliyense, koma sinathe kutenga dzina kapena thumba, ndipo sinathe kuchotsa munthu mu bodi monga Oracle inachitira ndi khonsolo. Mafunso a makontrakiti anafunsidwa chifukwa panali maminitsi oti anthu awerenge, ofufuza mabuku a ndalama oti aitanidwe, ndi ofesi ya boma ku Berlin yomwe bodi imayenera kuiopa. Phokoso la m'bungwe lotere limatopetsa, ndipo lathamangitsa anthu abwino, zomwe siziyenera kuchepetsedwa. Komabe bata la zaka za Sun silinkatanthauza mgwirizano. Madandaulo analipo ochuluka, kungoti analibe kopita.

Funso lomwe mabungwe onse awiri sanaliyankhe ndi la ogwiritsa ntchito. Ku Apache ndi ku The Document Foundation komwe, voti ndi ya wogwira ntchito pa pulogalamu, ndipo pali chifukwa chomveka: voti itaperekedwa kwa aliyense wokopa kapena wopereka ndalama, wolemera angagule mavoti ambirimbiri tsiku limodzi. Koma zotsatira zake n'zakuti opereka ndalama zomwe zimayendetsa bungwe la ku Berlin alibe mpando uliwonse, ndipo chida chawo chokha n'kusiya kupereka. Ogwiritsa ntchito akuluakulu ali ndi njira ina. Boma la Schleswig-Holstein, kumpoto kwa Germany, litalengeza mu Epulo 2024 kuti lisamutsa makompyuta pafupifupi 30,000 kupita ku LibreOffice, linali ndi mphamvu yolipira kampani kuti ikonze chomwe likufuna, ndipo zokonzedwazo zimafika kwa onse. Sukulu yaing'ono kapena ofesi ya mpingo ilibe mphamvu imeneyo. Zofuna zake zimamveka pokhapokha wina wa kumeneko akayamba kumasulira, kuyesa kapena kulemba malangizo mpaka komiti ya umembala itamulandira, ndipo zimenezi zimafuna nthawi, intaneti yodalirika ndi Chingerezi chokwanira kutsata zokambirana za bodi.